Chikwama chothawa nacho pa ngozi: zoikamo, zosiya ndi kulemera kwake

Chikwama chothawa nacho ndi chikwama chobereka kumsana chimene banja limalongedzeratu zinthu zili bwinobwino, n'kuchiika pamalo odziwika kwa aliyense m'nyumba, kuti tsiku limene madzi, matope kapena moto zafika pakhomo, munthu angochinyamula n'kutuluka. Mabungwe oona za ngozi m'maiko ambiri amalangiza kuti mukhale zinthu zokwanira masiku atatu, poti nthawi zambiri masiku amenewo opereka thandizo amakhala akulimbana ndi misewu yoduka komanso milatho yokokoloka.

Kwa zaka zambiri anthu a mu Blantyre ankaona nkhani zotere ngati za ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mtsinje wa Shire umasefukira kawirikawiri. Mzinda wa pamtunda, wozingidwa ndi mapiri a Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe ndi Bangwe, unkaoneka ngati malo amene madzi amangodutsa. Maganizo amenewo anatha mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy, amene anayambira kufupi ndi Australia n'kuoloka nyanja yonse ya India, anafikanso pamtunda pafupi ndi Quelimane ku Mozambique pa 11 Malichi, ndipo mvula yake inagwa osalekeza m'chigawo cha kummwera. Pa 13 Malichi matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Malinga ndi ziwerengero za boma, m'dziko muno munafa anthu oposa 670, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Amene anapulumuka anadzaza m'makalasi ndi m'matchalitchi, ambiri ali ndi zovala za m'thupi zokha.

Makolo ankautcha napolo mkokomo wotere wa madzi ndi matope otsika m'phiri, ndipo si wachilendo kuno. Unagwa ku Zomba mu Disembala 1946, unagwanso ku Phalombe mu Malichi 1991. Chimene chasintha n'chakuti lero mabanja zikwizikwi amanga m'mphepete mwa mapiri ogwetsedwa mitengo komanso m'mbali mwa mitsinje ya Mudi, Naperi, Nasolo ndi Likhubula.

Kulemera ndiye poyambira

Ambiri akamva za chikwama chotere amayamba ndi funso lakuti muikidwe chiyani. Funso loyenera kutsogola ndi lakuti adzachinyamula ndani, usiku wotani, panjira yotani. Munthu wothawa ku Chilobwe, Manje kapena ku Ndirande sayenda pamsewu wa phula masana. Amatsika njira yoterera, mumdima poti magetsi amakhala atazima kale, dzanja limodzi lagwira mwana, mwina winanso ali kumsana. Chikwama chimene chikumulepheretsa kuthamanga kapena kudzuka akagwa, chasanduka mdani.

Okwera mapiri ali ndi lamulo lakuti katundu asapose gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi, kutanthauza makilogalamu 12 kwa munthu wolemera makilogalamu 60. Lamulolo ndi la anthu okhuta, ovala nsapato zabwino, oyenda dzuwa lili pamutu. Wothawa ngozi achite bwino kudula pakati, makilogalamu 6 kapena 7 basi. Muyeso wake ndi wosavuta: berekani chikwamacho, mukwere nacho chitunda cha kwanuko kwa mphindi makumi awiri. Mukayamba kusinthasintha phewa, chotsanimo zina.

Mindandanda ya pa intaneti imadzaza ndi mahema, nkhwangwa, timbaula ta gasi ndi mipeni ya mitengo yoopsa. Imeneyo inalembedwera anthu okabisala m'nkhalango za ku America. Wa mu Blantyre akathawa amakathera pasukulu, patchalitchi, pamzikiti kapena kwa wachibale wa dera lina, pamene denga lilipo kale. Chimene chimasowa kumeneko ndi madzi abwino, mankhwala, chofunda chouma ndi pepala lotsimikiza kuti iye ndi ndani.

Chikwama chenichenicho

Chikwama cha mwana wa ku sekondale chimakwanira, bola chikhale cholimba. Pa kaunjika mu Limbe ndi mumsika wa Blantyre mumapezeka zikwama zakale zolimba kuposa zambiri zatsopano zonyezimira. Pogula musayang'ane mtundu. Kokani malamba mwamphamvu pamene asokedwera kuchikwama, chifukwa pamenepo m'pamene pamayamba kuthothoka. Tsekulani ndi kutseka zipi kangapo. Malamba akhale otakata ndi ofewa, ndipo chikakhala ndi lamba wa m'chiuno ndiye bwino koposa, poti amachotsa mtolo paphewa n'kuletsa chikwama kugwedezeka. Telala wa pakhonde angathe kubwereza ulusi pamalo ofooka pa mtengo wochepa.

Sutikesi, chikwama cha m'manja ndi thumba la pamutu n'zosayenera, chifukwa zimamanga manja amene akufunika pogwira mwana, mtengo kapena khoma. Komanso palibe chikwama cha nsalu chimene chingapirire mvula ya namondwe, kaya wogulitsa alumbire motani. Njira yake ndiyo kuyala pepala lochindikala la pulasitiki m'kati, ngati lija lakuda lofolerera nyumba za udzu, kenaka chilichonse n'kuchimanga m'jumbo yakeyake. Zolemera zikhale pafupi ndi msana, zofunika msanga monga tochi ndi mankhwala zikhale pamwamba.

Mapepala ndi mankhwala

Apa m'pamene pali mtima wa chikwama chonse, ngakhale kulemera kwake sikufika theka la kilogalamu. Bulangete lotayika ena adzakupatsani. Satifiketi ya MSCE yosungunuka m'matope, kapena chikalata cha malo chimene madzi apita nacho, zimatenga miyezi yoyendera maofesi, nthawi imene munthu alibe ngakhale ya minibasi.

Oyamba kulowa ndi chiphaso cha unzika, poti ndicho chimafunsidwa kubanki, polembetsa nambala ya foni yatsopano, ndiponso kawirikawiri polemba maina a olandira thandizo. Pambali pake pakhale mabuku a kuchipatala a onse m'banjamo, makalata a kubadwa a ana, masatifiketi a sukulu, zikalata za malo kapena pangano la lendi, khadi la kubanki ndi pasipoti ngati ilipo. Chiphaso chimene mumayenda nacho tsiku ndi tsiku sichingagone m'chikwama, choncho ikanimo fotokope yake. Zonsezi zikulungidwe m'majumbo awiri, ina m'kati mwa inzake. Zijambuleninso pafoni n'kutumiza zithunzizo kwa wachibale wodalirika wa kutali, ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Joni, kuti foni ikamira zisamire nayo.

Papepala lina lembani ndi bolopeni manambala a foni a abale, aneba, mfumu kapena khansala wa dera lanu ndi polisi yapafupi. Masiku ano n'ngochepa amene amasunga pamtima nambala ngakhale ya mkazi wake, ndipo foni yobwereka pamsasa ilibe ntchito kwa munthu wosadziwa woti amuimbire.

Pa mankhwala, otsogola ndi aja amene munthu amamwa tsiku lililonse: ma ARV, a chifuwa chachikulu, a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a khunyu, a mphumu ndi a kulera. Kudumphitsa ma ARV kapena a chifuwa chachikulu kumapatsa mpata matenda kuti ayambe kupima mphamvu ndi mankhwalawo, ndipo wa khunyu akalekeza mwadzidzidzi angathe kugwa pamalo oopsa. Pa masiku a Freddy, chipatala cha Gulupu chinadzaza ndi ovulala, ndipo panthawi yotere munthu wongofuna botolo lake la mwezi amavutika kufika ndi kuthandizidwa msanga. Patulani a sabata imodzi, muwasunge m'botolo lake lolembedwa dzina, ndipo muziwasinthanitsa ndi atsopano nthawi iliyonse mukakatenga ena kuti asathe mphamvu. Kuwonjezera apo, panado, bandeji, pulasitala, mankhwala otsukira bala ndi mapaketi angapo a Thanzi ORS n'zokwanira. Wovala magalasi a maso aikemo akale aja amene anawasiya.

Madzi

N'zodabwitsa kuti pa chigumula chinthu choyamba kusowa ndi madzi akumwa, koma mu Blantyre chifukwa chake n'chodziwika. Madzi ambiri a mumzindawu amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kukwezedwa mamita pafupifupi 800 ndi mapampu oyendera magetsi. Magetsi nawo ambiri amachokera mu Shire momwemo, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mtsinje ukadzaza matope ndi zinyalala, makina amaima, mipopi n'kuuma. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo munthu wamkulu amafunika malita awiri kapena atatu akumwa patsiku. Kunyamula a masiku atatu a banja lonse n'kosatheka. Nyamulani malita awiri m'mabotolo a pulasitiki otseka bwino, otsalawo mudzawayeretse kumene mukupita. Kabotolo ka WaterGuard kapena klorini wa kwa alangizi a zaumoyo n'kopepuka koma kamateteza zigubu zambiri. Tsatirani muyeso wolembedwa pabotolo, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala a matope, ayambe adikha, muwasefe pansalu yoyera, kenaka muthire mankhwala, chifukwa klorini sagwira bwino m'madzi akuda. Pamene pali moto, kuwiritsa mpaka abwate kwa mphindi imodzi kumakwanira.

Izi si zongokometsera. Freddy anapeza dziko lili kale pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, mliri womwe unachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe mu Januwale 2023. Madzi osefukira amagumula zimbudzi n'kutsanulira zonse m'zitsime. Munthu akayamba kutsekula m'mimba, paketi imodzi ya Thanzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimwa pang'onopang'ono ali paulendo wa kuchipatala. Paketi ikasowa, masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi zimagwira ntchito yomweyo. Sopo wa mtanda ndi kapu ya munthu aliyense zimalowa m'gulu lomweli.

Chakudya

Ufa, nyemba ndi mpunga zisiyeni. Zimafuna mphika, madzi ambiri ndi makala ouma, zinthu zitatu zimene sizipezeka usiku woyamba. Chofunika ndi chakudya chodya osaphika, chosaola msanga, chopatsa mphamvu zambiri pa kulemera kochepa, ndipo pamenepa mtedza ulibe mnzake. Theka la kilogalamu ya mtedza wokazinga lili ndi mphamvu zoposa zimene munthu wamkulu amafuna pa tsiku lathunthu. Chiponde, chimanga chokazinga, mabisiketi ndi shuga pang'ono zimathandizira. Wa mwana wamng'ono aikemo paketi ya Likuni Phala. Mtedza usungidwe m'botolo louma lotseka, ndipo ukaonetsa chuku utayidwe. Zam'chitini n'zolemera, chimodzi kapena ziwiri zotsekula ndi chala n'zokwanira.

Kuunika ndi kumva uthenga

Tochi yovala pamutu imaposa ya m'manja pa chifukwa chomwe chija cha manja. Mabatire asungidwe padera, chifukwa akagonera m'tochi miyezi yambiri amatuluka madzi n'kuiononga. Tochi ya pafoni musaidalire, imamaliza moto umene mukufuna poimbira abale. Machesi alowe m'kabotolo kouma pamodzi ndi kandulo imodzi.

Foni ya mabatani, ija ambiri anaiponya m'dilowa, imasunga moto masiku angapo ndipo zambiri zili ndi wailesi. Itchajeni, muizimitse, muiike m'jumbo. Kukhala ndi manambala a Airtel ndi TNM onse kumathandiza pamene nsanja ya kampani imodzi yagwa. Pawabanki yeniyeni ya 10,000 mAh imadzaza foni yamakono pafupifupi kawiri. Pamsika pali zambiri zolembedwa manambala akuluakulu koma zopepuka ngati bokosi la machesi, ndipo kupepukako ndiko kumaziulula.

Uthenga wa nthambi yoona za nyengo komanso wa Dodma, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, umaulutsidwa pa MBC, Zodiak, Times ndi mawailesi ena, ndipo wailesi imamveka ngakhale intaneti itafa. Mauthenga a pa WhatsApp opanda mwini amachuluka nthawi ngati imeneyi, ena oopseza, ena onyengerera, ndipo onse ayenera kuyesedwa ndi zimene wailesi yanena.

Airtel Money ndi Mpamba zimadalira netiweki komanso wothandizira amene ali ndi ndalama m'kabati. Zonse ziwiri zingathe kusowa tsiku limodzi. Paja akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sungani ndalama za m'manja zokwanira thiransipoti ndi chakudya cha masiku awiri, zikhale za K1,000 ndi K2,000 poti chenji chimavuta, ndipo muzigawe pawiri, zina m'chikwama, zina m'thumba la chovala.

Kachinthu kamene ambiri amakaseka ndi wenzulo. Mawu a munthu wopanikizika pansi pa khoma amatha msanga ndipo mkokomo wa mvula umawameza, pamene wenzulo imamveka patali ndi mpweya wochepa. Imangidwe pa lamba wa chikwama, ina pakhosi pa mwana wamkulu.

Zovala ndi pogona

Munthu wonyowa tsiku lonse pamphepo angathe kufooka ndi kuzizira ngakhale mu Malichi, makamaka khanda ndi nkhalamba. Zovala zosinthira zikhale za ulendo umodzi, zomangidwa kuti zisanyowe. Nsalu ya thonje ndi jinzi zimamwa madzi n'kuchedwa kuuma. Juzi yopepuka yaubweya wa fakitale, ya pa kaunjika, imafunda ngakhale yanyowa pang'ono ndipo imauma msanga. Jekete ya mvula imaposa ambulera, imene mphepo ya namondwe imaipinda kamodzi kokha. Nsapato zikhale zotseka, za zingwe, zokhala ndi mano kunsi. Mapatapata amatsalira m'matope, phazi n'kukumana ndi malata ndi misomali. Majombo ndi abwino pabwalo, koma madzi akalowamo amalemera ngati mwala.

Zitenje ziwiri zisasowe, ngakhale m'chikwama cha bambo. Chitenje n'chofunda, n'choberekera mwana, n'chotchingira posintha zovala m'kalasi modzaza anthu, n'chosefera madzi, n'chomangira bala kapena mkono wothyoka. Pepala la pulasitiki la mamita awiri limayalidwa pasimenti yozizira, ndipo ndi kachingwe limasanduka denga. Neti yoteteza ku udzudzu imatenga malo koma silemera, ndipo malungo amatsatira madzi odikha pakapita masabata ochepa. Amayi ndi atsikana aikemo mapadi kapena nsalu zawo ndi zovala za m'kati, zinthu zimene pamsasa zimafika mochedwa ndipo n'zovuta kupempha pagulu. Wa khanda awonjezere matewera a nsalu, chipewa ndi masokosi. Mayi woyembekezera amene masiku ayandikira, chikwama chake cha kuchipatala chikhale pambali pomwepo.

Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kupita m'tsogolo angathe kubereka kachikwama kake ka juzi, botolo la madzi ndi mabisiketi. M'thumba mwake mukhale kapepala kokutidwa ndi pulasitiki, kolembedwa dzina lake, la makolo ndi nambala ya foni. Mapepala ofunika ndi mankhwala asapatsidwe mwana.

Pochiika ndi nthawi yonyamuka

Chikwama chokhomeredwa m'kabati kapena chokankhidwira pansi pa bedi n'chimodzimodzi palibe. Chipachikidwe pamsomali pafupi ndi khomo lotulukira, pamwamba poti madzi olowa pansi pa chitseko asachifike, nsapato zili pomwepo. Banja ligwirizaniretu kokakumana likabalalika, malo amodzi a pafupi ndi ena a dera lina, komanso amene adzanyamule agogo kapena wachibale wolumala. Njira yopitira kumeneko iyendedwe masana nyengo ili bwino, ndipo isakhale yodutsa pamtsinje kapena m'khwawa.

Nthawi yabwino yonyamuka ndi pamene chenjezo laperekedwa, kunja kukuwala. Ambiri amazengereza poopa akuba, ndipo manthawo ali ndi maziko, koma kukhala ndi mapepala, mankhwala ndi ndalama kumsana kumachepetsa zimene munthu akuopa kusiya. Okhala m'munsi mwa phiri asamale zizindikiro izi mvula ikagwa masiku awiri kapena atatu mosalekeza: ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo ndi mapolo opendekeka, akasupe otumphuka pamene panalibe, madzi a mumtsinje osanduka matope mwadzidzidzi kapena ochepa mvula ikugwabe, ndi mkokomo wochokera kumtunda. Ukamveka mkokomowo, thawirani cham'mbali, kuchoka m'njira ya matope, osati kutsetsereka nawo. Madzi othamanga ongopitirira m'kakolo angathe kugwetsa munthu wamkulu, ndipo wobereka chikwama pafupi ndi madzi amasule lamba wa m'chiuno kuti akagwa achivule msanga.

Okwera mapiri

Chikwama chomwechi, chitachotsedwa zikalata ndi neti, ndicho cha achinyamata amene masiku a Loweruka amakwera Michiru, Ndirande kapena Soche, ndi amene amapita ku Mulanje. Kumeneko chowonjezera ndi madzi ambiri, chipewa, ndi chovala chofunda kwenikweni. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo chiperoni cha pakati pa Meyi ndi Ogasiti chimatha kuphimba njira ndi nkhungu m'kanthawi kochepa. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil amene anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha anapezeka atamwalira m'phirimo patapita masabata. Operekeza odziwa njira amapezeka pa Likhubula, ndipo ndalama yawo ndi gawo la zokonzekera monga nsapato. Wokwera aliyense asiye uthenga kunyumba wonena njira imene watenga ndi ola lobwerera.

Mvula kuno imayamba cha mu Novembala, ndipo anamondwe amene avutitsa chigawo cha kummwera m'zaka zapitazi, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, onse anafika pakati pa Januwale ndi Malichi. Choncho mwezi wa Okutobala ndi woyenera kutsitsa chikwama pamsomali, kuthira madzi atsopano, kuyesa tochi ndi pawabanki, kuona masiku a mankhwala, kudya mtedza wakale n'kukazinga wina, ndi kuyesa ngati juzi ya mwana ikumukwanabe. Chiyang'anidwenso kumayambiriro kwa Januwale, sukulu zikamatsegulira.